Buku la Mrasha linadutsa pakhosi panga

Ndine Eneless Nabanda, gogo wanu, wa maondo olira koma pakhosi posatopa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndiye mukaona chilembo chapendama musaseke, mungochiwongola. Za ubwana wanga ku Dowa ndidzakuuzani pakamwa. Muno ndalemba za ntchito, chifukwa inu Chisomo, Takondwa ndi Yamikani, ndikakufunsani m'Chichewa mumandiyankha Chingerezi cha ku Glasgow chothamanga ngati mvula ya matalala, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina mudzafuna kumva zimene manja awa anagwira. Zaka sindiziwerenga ndi manambala. Ndimaziwerenga ndi inu.

Chaka chimene Chisomo anabadwa

Ndinabwera kudzalera khanda, mayi anu Tadala atabwerera ku ntchito yawo ya makompyuta. Ndinati ndikhala pang'ono ndibwerere, koma pang'onopo ndi pano. Mapepala anga atalongosoka ndinayamba ntchito yokolopa maofesi m'tauni. Ndinakolopa, ndinakolopa, pansi mpaka kuwala ngati chipumi cha mkwatibwi. Eni maofesiwo sindinawaonepo nkhope, ndinkangowadziwa ndi makapu awo a tiyi. Kenako ndinalowa m'nyumba yosungira okalamba kuno ku Springburn, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira ntchito yeniyeni: kutembenuza munthu osamupweteka, kumusambitsa osamuchititsa manyazi, kumudyetsa osamuthamangitsa. Zosowa zinalipo. Tsiku lina magolovesi atha, tsiku lina matawulo sanabwere kochapa, koma chosowa chachikulu anali anthu. Tinkakhala awiri pamene pafunika anayi. Ine ndinkaimba. Ndikaimba msana unkaiwala, ndipo agogo a Chizungu amene ankakana kusamba ankatambasula okha mkono.

Chaka chimene Takondwa anayamba kuyenda

Ndinasamukira ku ntchito yoyendera okalamba m'makomo mwawo, imene tonse timangoti keya. Bwana wathu anali mayi wamfupi, a Moyira, wolankhula mwachangu, wosadziwa kuseka koma wosadziwanso bodza. Tsiku loyamba anandiwerengera malamulo. Nyumba iliyonse theka la ola. Osalandira mphatso. Osajambula chithunzi kapena mawu m'nyumba ya munthu, foni ikhale m'chikwama. Osagwira ntchito imene sinalembedwe papepala la munthuyo. Ndinati ndamva, ndipo ndinamvadi.

Nyumba yanga yoyamba m'mawa uliwonse inali ku Shawlands, fuleti ya pamwamba penipeni, masitepe amiyala ozizira ngati manda. Munkakhala a Reni, mphunzitsi wopuma wa ku yunivesite, wamtali, wosakwatira, wopanda mwana. Sitiroko inawatengera dzanja lamanja ndi theka la maso, ndipo lilime linkawalemera. M'nyumbamo munali makatoni a nsapato paliponse, pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, ngakhale m'bafa, ndipo m'katoni iliyonse munali timapepala tolembedwa. Pakhoma panali chithunzi cha bambo wamng'ono thupi, wandevu zosongoka, wa maso ngati sanagone sabata yathunthu.

"Awa ndi bambo anu?" ndinafunsa m'Chingerezi changa chothyokathyoka.

"Ayi, Mayi Banda. Bambo anga anandisunga zaka makumi awiri zokha. Uyo wandisunga moyo wonse, ndipo sanandipatseko ngakhale mbale ya supu."

Anali Mrasha, wolemba ndakatulo ndi mabuku, amene anamwalira a Reni asanadziwe n'kuwerenga komwe. Dzina lake lilime langa linalikana, ndiye ndinkangoti Mrasha wanu, iwo n'kumati Mrasha wathu. Mbiri yake ndinaimva pang'onopang'ono, ndili ndi lumo m'manja, iwo ali ndi thovu kumaso. Anabadwira mumzinda wozizira wa mtsinje waukulu, mwana wa munthu wa boma. Iye ndi anzake ankalemba kuti chilichonse chimene timaona ndi chizindikiro cha chinthu china chosaoneka, kuti mtambo si mtambo chabe, kuti belu likalira pali china chikulira kuseri kwake.

"Zimenezo mpaka kulemba buku?" ndinatero. "Kwathu chikope chikamaphethira chokha timadziwa kuti kukubwera mlendo kapena maliro. Agogo anga ankazidziwa, sanaponde m'kalasi."

Anaseka mpaka ndinachotsa lumo. "Mukanagwirizana naye. Koma akanakulankhulitsani mpaka madzulo."

Mrashayo sanakhutire ndi ndakatulo. Iye ndi mkazi wake, amene akuti sanasiyane naye ngakhale tsiku limodzi chikwatiranecho, ankasonkhanitsa ansembe ndi olemba mabuku m'chipinda chimodzi kuti afunsane mafunso ovuta: ngati thupi analenga ndi Mulungu, bwanji mpingo ukuliona ngati mdani? Akuluakulu a mpingo anatseka misonkhanoyo. Iye anayamba kuphunzitsa kuti panali nyengo ya Atate, panabwera nyengo ya Mwana, ndipo kukubwera yachitatu, ya Mzimu, ndi pangano lake latsopano. Apa ndinaika thawulo pansi.

"Mapangano ndi awiri, Bambo. Lakale ndi Latsopano. Lachitatulo analitola kuti?"

"Ankalidikira."

"Munthu amadikira basi imene ili pandandanda."

"Ndiye vuto lake linali limenelo," anatero a Reni, "ndiponso ndi chifukwa chake ndimamukonda."

Boma la dziko lawo litagwetsedwa n'kulowa anthu osafuna za Mulungu, Mrashayo anathawa ndi mkazi wake m'chisanu, n'kukakhala ku France. Analemba, analemba, anthu akumumvera ochepa, mpaka anafera komweko osaonanso kwawo. Pamenepo ndinamumvera chisoni. Za pangano lachitatu sindikuzidziwa, koma zofera kwa eni ndimaziganiza nanenso.

A Reni anali atalemba buku lonse la moyo wa munthu ameneyu, kungotsala mutu womaliza. Sitiroko inawapeza pamenepo. Ku yunivesite anawatumizirapo munthu ndi makina ojambulira mawu, koma iye ankabwera masana, ndipo masana lilime lawo linkakhala mtolo. Anawasiyira makinawo, koma a Reni ankati akangoona kanyali kake kofiira mawu onse amathawa. Mawu awo ankamasuka nthawi imodzi yokha: m'mawa, ndikawaika thawulo lofunda pachibwano. Pamenepo ankalankhula ngati mtsinje, ndipo womva ndinali ine, wosadziwa kulemba Chingerezi, foni ili m'chikwama mwa lamulo.

Tsiku lina ananena chiganizo chachitali, n'kuusa moyo. "Chimenecho chinali chabwino. Pofika masana chidzakhala chitapita." Ine ndinali kutsuka lumo pampopi, ndipo mosaganiza ndinachiimba chiganizocho pa maimbidwe a korasi ya kumpingo. Ndi khalidwe langa kuyambira kale: wina akandituma mchere, sopo ndi machesi, ndimaziimba njira yonse. Kukwaya timaimba Chizulu, timaimba Chiswahili, osamva mawu onse, koma osataya ngakhale limodzi. A Reni anakweza dzanja lawo labwino lija.

"Bwerezani."

Ndinabwereza.

"Mungachisunge mpaka madzulo?"

"Bambo, ndikusunga nyimbo za pa ukwati wanga, mwamuna wake anafa kalekale."

Ntchito inayamba choncho. Tsiku lililonse ziganizo zitatu, zikachuluka zinayi, chilichonse ndi maimbidwe ake. Mawu ovuta ankandimasulira m'Chingerezi chophweka kuti ndidziwe chimene ndanyamula. Ndinkatsika masitepe ndikuimba, kukwera basi ndikuimba chamumtima, kulowa nyumba zina zisanu ndi zitatu, kusambitsa, kudyetsa, kupereka mankhwala, Mrasha ali pakhosi. Madzulo tikatha kudya, mayi anu ankatsegula kompyuta patebulo la kukhitchini, ine n'kuimirira ngati ndili kutsogolo kwa kwaya, n'kutsitsa katundu yense. Loweruka Tadala ankapita nane kukawawerengera a Reni zimene talemba.

Loweruka loyamba tinachita manyazi. Korasi siimbidwa kamodzi, imabwerezedwa, ndipo ine ndinkabwereza monga nyimbo ifunira, Tadala n'kumalemba zonse poganiza kuti ndi mmene anthu ophunzira amalembera. A Reni anamvetsera, n'kufunsa mofatsa kuti, "Mayi Banda, Mrasha wathu wathawa kwawo kangati?"

"Kamodzi."

"Papepalapa wathawa katatu. Mkazi wake watopa."

Kuyambira pamenepo ndikafika pobwereza ndinkakweza chala, Tadala n'kuimitsa manja.

A Moyira anamva. Gogo wina wa ku Maryhill anawauza kuti wakeya wake amamuimbira za ansembe a ku Russia pomusambitsa. Anandiitanitsa ku ofesi, pepala la a Reni lili patebulo.

"Eneless, apa palembedwa kusambitsa, kumeta, chakudya cham'mawa, mankhwala. Buku silikuoneka."

"Sindilemba buku, bwana. Sindidziwa kulemba."

"Mumajambula mawu?"

"Foni ili m'chikwama. Ndimangoimba. Kuimba kwaletsedwa?"

Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo. "Sikunalembedwe."

"Ndiye ndiziimba."

"Mukachedwa kunyumba yotsatira ngakhale mphindi zisanu, ndikusinthani njira. Zinazo sindinamve."

Sindinachedwepo. Ndinkathamanga masitepe aja ngati mtsikana, ndipo maondo awa ndi umboni.

Chaka chimene Yamikani anabadwa

Tinayenda ndi mutu womalizawo chilimwe chonse mpaka masamba kugwa. Tinamuika Mrasha m'manda, tinamuperekeza mkazi wake wamasiye, tinafika patsamba lotsiriza. M'mawa wina wa Lachiwiri a Reni anandiuza kuti, "Lero ndi zinayi, ndipo zikatha zimenezi palibenso." Ndinawaika thawulo, ndinakonza pakhosi, ndinali nditasankha kale nyimbo yachiyamiko yoti titsekere. Ananena pang'onopang'ono, ndipo m'Chichewa mawuwo ndi awa:

"Munthu uyu anadikira nyengo ya Mzimu mpaka imfa, ndipo sinafike. Ine ndinamutsatira kuyambira unyamata wanga poganiza kuti akudziwa njira ya kwa Mulungu. Ndafika pamene iye anaima, ndayang'ana, ndipo sindikuona aliyense. Sindimuimba mlandu, pakuti anali mnzanga wabwino wa paulendo."

Ndinaima ndi lumo m'mwamba. Nthawi imeneyo Chingerezi chinali chitandilowa, sanafunike kumasulira.

"Bambo, amenewa si mawu otsekera buku."

"Ndi anga."

"Munthu wamkulu ngati inu, phazi limodzi lili kunja, mukanene kuti simukuona aliyense? Nanga akakuitanani mawa?"

"Ndiye mawuwa adzakhala ali ndi inu. Mwawagwira?"

Ndinayesa kuwaika pa nyimbo yachiyamiko ija, anakana. Ndinayesa ya pa Mgonero, anakananso. Mawu otere sakwera nyimbo ya m'tchalitchi. Kenako inabwera yokha nyimbo ya pamtondo imene mayi anga ankaimba posinja, yodandaula mwamuna amene anapita ku Joni osalemba kalata. Pamtondo ndi pamene mkazi amanena zimene sanganene pabwalo. Mawu a a Reni anakhala pa nyimboyo ngati anasokeredwa pomwepo. Ndinawaimbira kamodzi, anagwedeza mutu, ndinawapukuta kumaso, ndinawapatsa phala ndi mankhwala, n'kutsika.

Masana a tsiku lomwelo mnzanga wa shifiti yachiwiri anawapeza ali pansi pafupi ndi mpando. Sitiroko yachiwiri. Anawatengera kuchipatala ali moyo, maso akuona, koma mawu atapita onse.

Madzulo Tadala anatsegula kompyuta. "Amayi, tsitsani."

"Lero sananene kanthu," ndinatero.

Ndalemba bodza limenelo muno kuti mudziwe kuti gogo wanu analinena. Ndinaganiza motere: buku likathera pa maliro a mkazi wa Mrasha, latha bwino, palibe angadziwe kuti panali zina. Mwini wake sangalankhule. Makina sanajambule. Padziko lonse lapansi mawu anayi aja anali pamalo amodzi, pakhosi pa Nabanda. Ndikangokhala chete, a Reni apita ndi mbiri ya mphunzitsi wabwino, osati ya nkhalamba imene inakana Mulungu patsamba lomaliza, ndipo ine sindikhala amene ndinanyamula chikanocho n'kuchifikitsa kwa anthu.

Ndinakhala nawo masiku asanu ndi anayi. Nyimbo ya pamtondo siichoka msanga. Ndikukolopa bafa la munthu, iyo ikusinja. Ndili m'basi, ikusinja. Lamulungu ndili m'kwaya, pakamwa pakuimba zina, m'mutu munsi ukugwa. Chakudya chinasiya kukoma, ndipo inu Chisomo munandifunsa m'Chingerezi chanu chija chifukwa chimene gogo wasiyira phokoso.

Titatuluka m'mapemphero a amayi ku Maryhill, ndinayenda m'mbali mwa ngalande ndi Mayi Nyirenda, mnzanga wa ku Ekwendeni amene tinkaimba naye mawu achiwiri. Ndinamuuza zonse.

"Nabanda, iwenso," anatero. "Mzungu wodwala mutu wanena zopanda pake ali ndi sopo kumaso, iwe n'kudwala nazo? Iwala."

"Sanali wodwala mutu. Anasankha mawu ngati mmene umasankhira nyemba."

"Ndiye ukufuna ana asukulu adzawerenge kuti kumwamba kulibe munthu, n'kumati anatithandiza ndi mayi wa Mvano? Yunifomu yako yoyera ija udzaivala bwanji?"

"Nanga ndikawabisa, si kuba?"

"Kuba chiyani? Ukumuchitira chifundo. Munthu akamavula pamsewu umamufunditsa chitenje."

Mawu amenewo anandigwira, pakuti kufunditsa anthu ndiyo inali ntchito yanga. Ndinakwera basi ndikuti Mayi Nyirenda wanena zoona. Koma tisanafike ku Springburn ndinadzifunsa kuti, kodi ndikumufunditsa kuti asamuone ndani? Mulungu anali m'bafa muja Lachiwiri. Anamva mawu onse anayi, anamva ndi nyimbo yanga ya pamtondo. Kwa Iye palibe chimene ndabisa. Amene ndikuwabisira ndi anthu, ndipo amene ndikumuteteza ndi Nabanda ndi yunifomu yake. A Reni sanavule pamsewu. Anavula pamaso panga, monga ankachitira m'mawa uliwonse, podziwa kuti sindiwaseka ndipo sindiwanamiza kuti thupi lawo lili mwina. Munthu wopanda dzanja anandibwereka langa. Ndikasintha zimene wandituma chifukwa sangathenso kundifunsa, ndiye kuti ndamuyesa maliro ali moyo.

Ndinafika kunyumba, ndinapeza Tadala akuyamwitsa Yamikani. "Mwanawe, ndinakunamiza. Ananena zinayi."

Anandiyang'ana. "Ndinadziwa, amayi. Inu kukhala chete sabata yathunthu?"

"Sindiziimbira muno. Tikaziimbire pamaso pawo, amve okha ngati ndachotsapo kapena kuwonjezera."

Loweruka masana tinapita kuchipatala ndi kompyuta m'chikwama. A Reni anali m'chipinda cha anthu anayi, pafupi ndi windo, ndevu zitamera chifukwa kumeneko sankawameta tsiku ndi tsiku. Atandiona diso lawo labwino linatseguka kwambiri. Ndinakoka katani, ndinakhala pampando, ndinawagwira dzanja lamanzere.

"Bambo, ndine Mayi Banda. Katundu wanu ndinamusunga masiku onsewa osamupereka. Ndinkafuna kumutaya. Ndabwera naye."

Ndinaimba motsitsa, chifukwa cha odwala ena. Chiganizo choyamba, Tadala analemba. Chachiwiri, analemba. Pa chachitatu, chija cha kuyang'ana osaona aliyense, sindinadumphe, sindinameze, ndinalitchula liwu lililonse mpaka kumapeto. Chala chawo chinkagunda pachikhatho changa motsatira munsi. Nditamaliza, Tadala anawerenga zonse zinayi m'Chingerezi chake chabwino, n'kufunsa ngati zili momwemo. A Reni anandifinya dzanja kamodzi, mwamphamvu, mphamvu imene sindinkadziwa kuti ikadalipo.

"Zanu ndapereka zonse," ndinatero. "Tsopano ndili ndi zanga. Ndikupempherereni pano?"

Anandiyang'ana. Kenako mutu unayenda pang'ono papilo, uku ndi uku. Ayi.

Ndinati chabwino. Ndinapempha beseni ndi lumo kwa namwino, ndinawaika thawulo lofunda, ndinawameta bwinobwino mpaka chibwano kusalala, n'kuwatsanzika.

Anamwalira patapita milungu itatu. Buku linatuluka chaka chotsatira, a ku yunivesite atalikonza, ndipo lili pamwamba pa kabati yanga, lokutidwa ndi nsalu. Tsamba lomaliza ndimalidziwa ndi maso ngakhale sindiliwerenga: mizere isanu ndi umodzi, pansi pake poyera. Mayi Nyirenda sanalitsegulepo, koma timaimbabe limodzi. Ine ndinagwira keya zaka zina zisanu, mpaka maondo anati basi, ndipo a Moyira ponditsanzika anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Mukadzakula n'kuwerenga tsambalo, mudzadziwe kuti gogo wanu sagwirizana nalo ngakhale liwu limodzi, ndipo mudzadziwenso kuti palibe liwu limene analichotsa. Tsiku lija pachipatala sindinapemphere, pakuti mwini bedi anakana. Ndinatuluka, ndinakwera basi, ndinakhala pampando wa pawindo, ndipo ndinawapempherera a Reni ndi Mrasha wawo yemwe, mokweza pang'ono, kuyambira pachipata cha chipatala mpaka ku Springburn. M'basi sanandiletse.